Chiponde cha Leticia

"Ndikufunsa za chiponde cha mwana, bambo a Leti. Za mabwana a ku Capital Hill mudzandiuza tsiku lina."

Consolata ankalankhula motsitsa mawu. Kanyumba kawo ka antchito kanayang'anizana ndi zenera la kukhitchini kwa bwana, ndipo ku Area 15 ngakhale banja la wantchito likamatha limatha monong'ona, kuopa kudzutsa agalu. Pamphasa panali katoni yomwe anabwera nayo kuchokera kuchipatala masabata apitawo. Timatumba ta chiponde, tomwe alangizi a zaumoyo anati ndi mankhwala a mwana wonyentchera, tinali titatsala tongokhalira umboni. M'malo mwake munadzaza timapaketi tobiriwira, tonyezimira, tokhala ndi chithunzi cha mtsikana wothamanga, wa chiuno ngati cha mavu.

Nebert, mwamuna wake, anali atakhala pandowa yovundikira akumanga jombo ndi waya. Pakhomopo iye ndiye anali wa maluwa, wa pageti, wotsuka galimoto ndiponso wosambitsa agalu, anthu anayi m'thalauza limodzi. Anayankha mosatekeseka, ngati munthu amene mlandu wake anaugamula kale yekha. Anati sanabe kanthu ndipo sanagulitse kanthu. Adona ndi amene anachita chifundo. Pa kathumba kalikonse ka chiponde anapereka timapaketi tiwiri ta timipira tawo ta mphamvu, tomwe amagulitsa m'maofesi. Kusinthana kotere, iye anati, ngakhale kumsika wa ku Old Town sungakupeze.

"Ukudziwa amene amadya izi iwe? Madayirekita. Azimayi oyenda pagalimoto zazitali ngati nyumba. Kwanu konse kuja, ndani anadyako chinthu chodya dayirekita?"

"Dayirekita akadya kampira aka, kunyumba akapeza nkhuku. Leti akapeza chiyani?"

"Pepala lanena lokha kuti ndi ta mphamvu. Ukutsutsana ndi pepala, iwe wothawa sukulu sitandade folo?"

"Mtsikana ali papepalayo mwamuona bwino? Ndi mmene mukufuna mwana wanu akhalire?"

Leticia, mwana wawo wa zaka ziwiri, anali pakona atatsamira khoma. Tsitsi lake linali litafiira ndi kupyapyala ngati ndevu za chimanga, ndipo diresi lomwe linkamuthina pa Khirisimasi tsopano linkamugwa m'mapewa. M'dzanja anagwira kampira kamodzi. Anakanyambita, anakayang'ana, kenako n'kulavula timakoko tomwe tinamumata pamlomo. Sanalire. Kusalira kumeneko ndi kumene kunkamuopsa Consolata, chifukwa mwana wolira amakhala akuyembekezabe kuti wina amumva.

Consolata anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nebert anati ngati ndi miyambi nayenso ali nayo: khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nyumba akugonamo ndi ya adona, madzi ndi a adona, ngakhale mthunzi wa mtengo wa mapeyala omwe saloledwa kuthyola ndi wa adona. Munthu wotere akatambasula dzanja, umamukaniza ndi pakamwa pati?

Koma panali china chimene Nebert sankachinena, ngakhale mkazi wake ankachidziwa. Cornelius, mlonda wa nyumba yoyandikana nayo, anaona Leticia akuyamwa kathumba ka chiponde pageti, ndipo anaseka n'kumufunsa Nebert kuti masiku ano akumayenda kuti. Kumudzi mwana akamauma chotere amati ndi tsempho, matenda ogwira mwana bambo ake akamazemberana ndi akazi ena. Kuyambira tsiku limenelo Nebert ankadana nato timatumba tija ngati ndi mboni zomuneneza. Mwana wodya za m'paketi yonyezimira palibe angamunene kuti ndi wa tsempho. Ameneyo ndi mwana wa m'tauni, akusunga figa.

"Ndiye mwasankha kuti mwana aume, bola a Cornelius asaseke."

"Pakamwa pakopo padzatigonetsa kudepoti," anatero Nebert, navala jombo zake n'kupita kukathirira kapinga.

M'mawa mwake Consolata anali kukhitchini, manja ali m'beseni. Ntchito youmba timipira inali yake. Adona a Hellen ankasakaniza okha m'chipinda chosungira zakudya, chitseko chokhoma, akuti ndi chinsinsi cha kampani, kenako n'kumupatsira beseni kuti aumbe, aike m'mapaketi ndi kumata pepala la mtsikana wa mavu uja.

Bizinesi imeneyi inayamba movuta. Timipira toyamba tinali ta mbewu zachizungu za otsi, mpunga wofufumitsa ndi kauchi kongonunkhiritsa, ndipo munthu ukadya unkamva ngati waluma matiresi. Abwana a Dalton, amuna awo a adona, ankapita nato ku Capital Hill m'mawa n'kubwera nato madzulo, ngati ana a sukulu. Koma mwezi wapitawo zinthu zinasintha. Timipira tinayamba kufewa ndi kununkhira, ndipo foni ya adona inasiya kupuma. Consolata ankadabwa kuti fungo limeneli analimva kuti. Tsopano sanadabwenso. Chinsinsi cha kampani chinali chakudya cha mwana wake, ndipo matiresi osagulidwa aja ndi amene anapita kwa Leticia.

Adona analowa akuchokera kothamanga, thukuta lili chuchuchu. Anali mayi woopa chakudya monga ena amaopera njala. Njala yawo ankachita kukaifuna kujimu, kolimbitsira thupi, pomwe kuseri kwa nyumba yawo inalipo yaulere. Consolata anapukuta manja, anagwada pamatailosi, napempha kuti chiponde chibwerere, popeza alangizi anati mwana asaphonye ngakhale tsiku limodzi.

Adona sanakwiye. Anaseka mwachifundo, anatulutsa kathumba kotha m'bini, naloza manambala ndi chikhadabo chopaka utoto. Anamufunsa ngati amadziwa kalori. Consolata anati sadziwa. Iwo anati kalori ndi chimene chimanenepetsa munthu, chakudya chilichonse chili ndi muyeso wake, ndipo anthu ozindikira amayamba awerenga asanatafune.

"Taona apa. Kathumba kamodzi, makalori faifi handiredi. Ine kuti ndichotse faifi handiredi m'thupi ndimazungulira Area 15 yonse mpaka lilime panja. Ndiye iwe ukuthira zonsezi m'kamimba ka mwana? Mafuta okhaokha ndi shuga. Kampira kanga kali ndi nainte basi. Kopepuka, kaukhondo."

"Koma mwanayo akufunika kunenepa, adona."

"Kunenepa ndi matenda, Konso. Shuga, bipi, zonsezi zimayambira kuubwana. Vuto lanu anthu akumudzi mumayesa mnofu ndi thanzi."

Consolata anayang'ana beseni. Anafuna kufunsa kuti ngati chiponde ndi choopsa chotero, bwanji akudyetsa madayirekita, ndiponso bwanji pepala lomata likadali lomwe lija la nainte. Mapepalawo adona anasindikiza ambiri nthawi imodzi, manambala ake atakopera pafoni, ndipo kuwataya chifukwa chongoti zam'kati zasintha kukanakhala kuwononga. Koma funso la wantchito limafuna katundu akhale womangamanga kale. Anangoti mwana satha kutafuna timipirato. Adona anati azinyika m'madzi. Anawonjezera kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, Leticia amamuona ngati wawo, ndipo ndani mumsewu wonsewu amene amalola wantchito kukhala ndi mwana pakhomo? Ena akanamuuza kalekale kuti kamwanako akakasiye kumudzi. Anatero akumwa madzi a mandimu, ndipo Consolata anamva bwino lomwe mbali ya mawuwo imene sinatuluke pakamwa.

Consolata anayesako kwa abwana. Anawadikira pagalimoto tsiku lina m'mawa, nayamba nkhani yake atagwira manja kumbuyo. A Dalton anamvetsera akutafuna kampira, anayang'ana wotchi, nati iwo za kukhitchini sazidziwa, amangodya. Anamuuza kuti alankhule ndi adona, ndi munthu womva zinthu.

Timipira tonyika m'madzi tinasanduka phala lotuwa lomwe Leticia ankalimeza kawiri n'kutembenuza mutu. Limene lalowa silinkakhalitsa. Consolata ankachapa matewera masana onse, n'kuwayanika kuseri kwa thanki kuti alendo a adona asawaone.

Tsiku la sikelo litakwana anabereka mwana n'kukwera minibasi. Kuchipatala anapeza mzere wa azimayi pansi pa shedi, ndipo patsogolo panali a Redson, alangizi a zaumoyo, bambo wokhulupirira kuti malangizo amagwira bwino ntchito aliyense akamva. Anakulunga katepi koyezera pamkono wa Leticia. Kanaima pofiira, pomwe kanaima ulendo watha, mwinanso kulowererapo. Anamuika pasikelo, napukusa mutu. Kenako anang'amba kathumba ka chiponde n'kumupatsa mwana pomwepo, kuti aone ngati vuto ndi kukana kudya. Leticia anakagwira ndi manja onse awiri. Anayamwa osapuma, maso ali pa a Redson ngati akuopa kuti alanda, ndipo katatha analowetsa chala kuti akombe m'kati.

"Mayi, mwana wodya chonchi sabwerera m'mbuyo. Chiponde chikupita kuti?"

Consolata anayang'ana zala zake za kumapazi. A Redson anatembenukira mzere wonse nayamba ulaliki. Anati akuwadziwa azimayi a masiku ano. Chiponde amakagulitsa kwa makondakitala ndi anyamata onyamula zitsulo, ena amapaka pabuledi wa amuna awo, kenako mwana akatsikira kuli chete amayamba kuloza nkhalamba ufiti. Kumbuyo kwa mzere wina ananong'ona za tsempho, mokweza ndithu kuti kunong'onako kufike. Consolata anali nalo yankho pakamwa, koma m'kati mwa yankholo munali nyumba, ntchito ziwiri ndi ukwati. Analimeza.

Pomupatsa katoni yatsopano a Redson anatsitsa mawu. Anati ulendo wotsatira zikakhala chimodzimodzi, mwana akagonekedwa kuchipatala chachikulu, ndipo ana ofika kumeneko atafooka chotere si onse amene amabwerako akupuma.

Katoniyo siinafike ku Area 15. Consolata anaisiya pasiteji, timatumba n'kumanga m'chitenje ngati masamba ogula. Atafika anatikwirira pansi pa thumba la makala, malo okhawo m'kanyumbamo omwe dzanja la Nebert silinafikepo chikwatiraneni. Madzulo anamuuza kuti kuchipatala chiponde chatha, galimoto yake sinabwere. Bodza limeneli silinkafuna mboni, popeza mawu akuti zatha munthu aliyense wosauka anawamvapo. Nebert anakapereka uthengawo kunyumba yaikulu, ndipo adona anadandaula kwambiri. Anati dziko lino silisamala ana.

Kuyambira pamenepo Leticia ankadyera kubafa, chitseko chotseka, ngati akuchita tchimo. Timatumba totha mayi ake ankatitentha pambaula. Patapita masiku mwanayo anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa mkwiyo, kogwedeza malata, ndipo Consolata ankaima ndi mopu m'manja n'kumamvetsera ngati kwaya ya kutchalitchi. Kenako anayamba kuimirira atagwira khoma. Nebert ataona anadziguguda pachifuwa. Anati waona tsono, timipira ta adona tayamba kugwira ntchito, ndipo mkazi wina pano akanakhala ndi manyazi akanapepesa. Anapita kukamuuzanso Cornelius. Consolata anamusiya asangalale, poti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kukhitchini zinthu sizinali bwino. Adona anali atalandira oda yaikulu. Mayi Sophie, mnzawo wa kujimu, ankakonza msonkhano kuhotela ina ku City Centre, wokambirana za kunyentchera kwa ana, ndipo ankafuna kuti pa nthawi ya tiyi nthumwi zizitafuna zopatsa thanzi m'malo mwa masamusa. Adona anayesa chiponde cha m'sitolo, koma timipira tinatuluka touma, tokakamira kumano. Cha kuchipatala chimabwera ndi mkaka ndi shuga wake kale, ndiponso chili ndi ubwino wina umene sitolo iliyonse ilibe: sichigulidwa.

Loweruka masana Mayi Sophie anabwera kudzalawa. Anakhala pakhonde ndi adona, Consolata n'kubweretsa thireyi. Mlendoyo anali mayi wochezeka, wosasunga mavuto ake. Anati mwezi wonse nkhomaliro sadya, amangotafuna timipira tinayi kapena tisanu, ta nainte nainte, koma masiketi onse akukana zipi, mpaka telala wawo wayamba kuwayang'ana ngati ali ndi nkhani yabwino. Adona anati ndi nkhawa za kuntchito zimenezo, zimasunga madzi m'thupi. Mayi Sophie anavomereza, analuma kampira katsopano, natafuna nthawi yaitali ngati mbuzi yoganiza.

"Hellen, izi si zija. Zija zinkasungunuka pakamwa. Izi nthumwi zikanditukwana."

Pamenepo ndi pamene Leticia anatulukira pakona ya nyumba. Anali akuyenda. Anabwera ali dzandidzandi, nkhope ndi manja zili bii ndi makala, atakumbatira kathumba ka chiponde kosatsegula. Mphamvu zomwe mayi ake ankamupatsa mobisa kubafa ndi zimene zinamufikitsa pathumba la makala, ndipo tsopano ankangofuna womung'ambira. Anadutsa adona, anadutsa mlendo, nakweza kathumbako kwa mayi ake.

"Ponde," anatero.

Woyamba kutsitsimuka anali Mayi Sophie. Anati kamwana kachisoni, kali pa pulogalamu ya chiponde eti, natulutsa foni n'kukajambula, akuti chithunzicho chikathandiza pamsonkhano. Adona sankayang'ana mwana. Ankayang'ana Consolata.

"Unati chatha."

Consolata anaika thireyi pansi. Anaona kuti kaya alankhule kaya akhale chete, madzi atayika kale. Ananyamula mwana, anang'amba kathumba ndi mano, namupatsa pamaso pa onse. Kenako analankhula kwa mlendo, mwaulemu, ngati akupereka moni.

"Kukoma mukukufuna, mayi, ndi uku kuli m'manja mwa mwanayu. Zija zinkasungunuka pakamwa zinali zake. Masiketi anu akuthina ndi mnofu wa mwana wanga."

Mayi Sophie anayang'ana kampira kolumidwa kali m'dzanja mwawo, anayang'ana adona, anayang'ananso mwana. Consolata anadikira. Awa ndi anthu a misonkhano, anaganiza, awa ndi amene amalankhula pawailesi. Mlendoyo anaika kampira pambale pang'onopang'ono, anapukuta zala, nafunsa adona funso limodzi lokha: ndiye kuti kampira kalikonse kanali ndi makalori angati kwenikweni? Kenako Mayi Sophie anagwira pamimba nati Hellen wawalakwira kwambiri, mnzawo sangawachite zotere, thukuta lonse la kujimu lapita pachabe. Anaimirira n'kutola kiyi. Anati za m'nyumba za eni salowerera, ndipo iwo sanamve kanthu. Atafika pagalimoto anatembenuka.

"Lolemba m'mawa katundu akhale atafika. Zofewa zija. Koma pepalalo ukonze, anthu azidziwa chimene akudya."

Galimoto itatuluka, adona anaitana Nebert kuti adzamve zimene mkazi wake wachita. Sanakweze mawu, popeza oyandikana nawo ndi anthu aulemu. Anati anaweta galu wowaluma okha. Anati timapaketi tomwe anapereka kwa Nebert ulendo watha tinali tochuluka dala, tolipiriratu chiponde cha ulendo uno, choncho chimene chili m'makala ndi katundu wa kampani, ndipo kubisa katundu wa kampani ndi kuba. Anapereka njira ziwiri. Consolata atulutse chiponde chonse, apepese, nkhani ithere pomwepo. Apo ayi, dzuwa lisanalowe akhale atatuluka pageti ndi zovala zake zokha.

"Tinkamva kuti nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, adona," anatero Consolata. "Kuno zodya akulu zikupota mwana. Ndipita."

Nebert anamutsatira kukanyumba kuja akulankhula ngati wailesi. Anati apereke theka lokha, msonkhano ukatha adona aiwala. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ntchito m'tauni muno sizitoleka pansi. Anamufunsa kuti akupita kuti, kwa mkulu wake Eveless ku Mchesi, m'kachipinda kamodzi momwe munthu akatembenuka onse amatembenuka? Anakumbutsanso kuti mkazi wochoka pabanja mwana akudwala, anthu amadziwa chonena. Consolata ankapinda zovala.

"Chija munkati timipira tagwira ntchito, mwana anali akudya chiponde kubafa. Mwamuona lero akuyenda. Tiyeni tonse, bambo a Leti."

Nebert anakhala pandowa yake ija. Anayang'ana jombo zake nati onse akachoka, adzadyetsa mnzake ndani? Iye atsale, azitumiza kangachepe mwezi ukatha. Consolata sanamufunsenso. Adona atamuitana Nebert kuti akamange agalu, Consolata anafukula timatumba m'makala, anatiyala m'chitenje n'kumanga kumsana, pathupi penipeni. Pamwamba pake anaberekapo Leticia ndi nsalu ina, namangitsa.

Ali pageti anaona adona akutuluka m'kanyumba kaja, manja ali bii, nkhope ili gwa. M'thumba la makala anapezamo makala. Anakwera pakhonde, anapinda manja, nalamula Nebert kuti asecha katundu yense, popeza ntchito ya pageti ndi yake.

Nebert anamasula mtolo pasimenti. Zovala, mapoto awiri, buku la nyimbo, matewera osauma bwino. Anakutumula chilichonse, Cornelius akusuzumira pakampata ka mpanda ngati waitanidwa. Munalibe kanthu.

"Kumsana," anatero adona.

Nebert anazungulira kumbuyo kwa mkazi wake. Consolata anamva dzanja lake likulowa pakati pa iye ndi mwana, lozizira, lonunkha sopo wa agalu. Timatumba tinakhwekhwereza pansi pa zala zake, ndipo dzanjalo linaima. Silinatuluke. Linakwera pang'ono, n'kukafika pachifuwa cha mwana, ndipo Consolata anamva ndi msana wake womwe zala zikuyenda panthiti, nthiti ina, inanso. Bambo ameneyu ankamuona mwana wake tsiku ndi tsiku ali m'diresi, chapatali, popita kothirira maluwa. Anachedwa kumeneko.

"Wapeza chiyani?"

"Mwana yekha, adona."

Anamanganso mtolo, namusenzetsa osamuyang'ana kumaso, n'kukankha geti. Consolata anatuluka, naima panja m'mbali mwa mpanda wa njerwa, akukonza nkhata yomwe sinkafunika kukonza. Mwamuna amene watha kunama chotere, anaganiza, angathenso kuponya mapazi awiri n'kutuluka. Geti linakhala lotsegula kanthawi. Kenako linayenda panjanji yake mpaka kutsekeka, ndipo anamva loko akulowa cham'kati.

Akanachoka nthawi yomweyo, akanapita ndi kenakake kokakumbukira ku Mchesi. Koma mipanda ya ku Area 15 imatchinga maso okha, mawu amadumpha. Anamva adona akutsika pakhonde, mawu awo atabwerera mwakale, ofewa, a mayi wachifundo.

"Nebert, iwe ndilibe nawe mlandu. Mawa ulawirire kumudzi kwanu, ukandipezere mtsikana wina. Ena amakana wantchito wa mwana, ine ayi. Kamwana kakakhala kodwaladwala asakasiye, abwere nako ndi mankhwala ake omwe."

Leticia anasuntha kumsana, timatumba n'kumukanda mayi ake. Consolata anatchera khutu.

"Alipo, adona," anamva mwamuna wake akuyankha. "Kwathu ana otere sasowa."